Sabata imodzi ndi bokosi la ma hard drive anayi

Lolemba abwana anafika ndi katoni yochokera ku Johannesburg, amvekere: "Achimwene, tachiyeseni ichi, tione ngati chingatisungire maukwati athu." Ku studio yathu ya pa Ginnery Corner timajambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya, ndipo mavidiyo onse anali balalabalala m'tima hard drive ting'onoting'ono toyenda m'zikwama. Tina tolembedwa mayina, tina ayi.

Bokosilo mumalowa ma hard drive anayi a mainchesi 3.5, ndipo limalumikizidwa ku kompyuta ndi waya umodzi wa USB. Ndinaikamo anayi a 4TB n'kusankha RAID 5, njira yogwirizanitsa ma drive kuti azigwira ntchito ngati imodzi. Abwana anakwinya nkhope atamva kuti pa 16TB yomwe agula, tigwiritsa ntchito 12TB yokha. Ndinawafotokozera kuti malo okwana drive imodzi amasunga zothandiza kubwezeretsa mafayilo drive ina ikafa. Njira ina, RAID 0, ikanatipatsa malo onse ndi liwiro, koma imodzi kungofa, zonse zapita. Ukwati wa munthu sungaujambule kawiri.

Lachiwiri ndi Lachitatu kunali kukopera basi. Fani ya bokosilo imapokosera pang'ono, koma ndi kutentha kwa Okutobala kuno ndi fumbi lolowera pawindo, bola iziphokosera ma drive akuzizira.

Lachinayi ndinachita dala kuzula drive imodzi vidiyo ikusewera. Kanyali kanafiira, bokosi linalira, koma vidiyo sinaime. Apa ndinalikhulupirira. Nditaibwezera, linayamba kuimanganso, kutanthauza kubwezeretsamo zonse kuchokera ku ma drive atatu enawo, ntchito ya maola ambirimbiri. Nthawi imeneyi ndi yoopsa, chifukwa ina ikafanso kumangako kusanathe, palibe chomwe mungapulumutse. Cha m'ma 7 koloko madzulo magetsi anathima. Kompyuta inali pa UPS, batire yothandiza magetsi akathima, koma bokosi ndinalilumikiza kukhoma. Mtima unangoti myuu. Ndinakhala mumdima kuganizira mayi wina wa ku Ndirande yemwe akudikira vidiyo ya chinkhoswe cha mwana wake. Magetsi atayaka, bokosi linayambanso kumanga, ndipo m'mawa ndinapeza nyali zonse zinayi zili zobiriwira, mafayilo akutseguka bwinobwino.

Lachisanu ndinauza abwana maganizo anga. Bokosi ndi labwino, tilisunge, koma lipezeredwe UPS yakeyake lero lomwe. Atanena kuti tima drive takale tifufute tigulitse, ndinakana. RAID 5 imateteza ku imfa ya drive imodzi yokha. Wina akafufuta foda mwangozi, imachoka m'ma drive onse anayi nthawi imodzi. Mphenzi ikalowera m'mawaya mvula ikayamba, kapena akuba akathyola, bokosi limapita lonse.

Anavomera, ngakhale monyinyirika poganizira ndalama. Tima drive takale tapita kunyumba kwawo m'kabati. Loweruka tinali ndi ukwati ku Limbe, ndipo makadi a makamera ndinawakopera malo awiri ndisanawafufute.