Kusaka podontha madzi pogwiritsa ntchito mita

Bilu ya madzi ikakwera chonsecho banja ndi lomwe lija, sindiyamba ndi kudzudzula ana kuti amasamba nthawi yaitali. Ndimayambira pa mita, chifukwa madzi ambiri otayika pakhomo amatayika osaoneka.

Cha m'ma 10 koloko usiku, onse akatha kusamba ndi kutsuka mbale, ndimatseka mipopi yonse n'kukalemba manambala a pa mita. Akuda amawerenga ma kiyubiki mita, ndipo imodzi ndi malita 1,000. Ofiira ndiwo amaonetsa malita. Ngati pali thanki yosungira madzi ndimatseka paipi yolowetsa, apo ayi imadzadza usiku n'kundinamiza. Ndimapemphanso kuti aliyense asagejemule mpaka kuche. Pa 5 koloko m'mawa ndimawerenganso. Tiyerekeze kuti pasiyana malita 35 m'maola 7 amenewa: ndiye kuti pa ola pakutayika malita 5, pa tsiku 120, pa mwezi 3,600. Mita zambiri zili ndi kagudumu kakang'ono ngati nyenyezi, ndipo kakamazungulira mipopi ili yotseka, palibenso chokayikira.

Chotsatira n'kudziwa ngati vuto lili mkati kapena panja. Ndimatseka valavu ya pomwe paipi imalowera m'nyumba. Kagudumu kakapitiriza kuyenda, paipi yabooka pansi pakati pa mita ndi nyumba. Pamenepo ndimayenda motsata njira ya paipiyo kufuna dothi lonyowa kapena kapinga wobiriwira payekha pomwe pena ponse pauma ndi dzuwa la Okutobala. Kawirikawiri ndi pamfundo, kapena pomwe khasu linagunda.

Kagudumu kaja kakaima, ndimapita kuchimbudzi poyamba, pakuti ndiko kumabisala kudontha kwakukulu. Ndimavundukula thanki n'kuthiramo tiyi wakuda bii, wopanda mkaka, n'kudikira mphindi 20. Madzi a m'mbale ya chimbudzi akasintha mtundu, kampira kotseka pansi pa thanki katha kapena pakhala tizinyalala. Ndimapukuta pomwe kamakhalapo, kakapitirirabe ndimagula kena nditatenga kakale kuti ndikayerekeze kukula kwake. Ndimayang'ananso pomwe madzi akulekezera. Ayenera kuima masentimita awiri pansi pa paipi yosefukira. Akamasefukira, ndimatsitsa mpira woyandama wa m'thankimo, pokhotetsa kamkono kake pang'ono ngati n'kachitsulo kapena potembenuza sikuluu ngati n'kapulasitiki. Thanki zakale zimatenga malita 9 pa kugejemula kamodzi, choncho ndimaimikamo botolo la lita imodzi lodzadza madzi, pakona pomwe silingakole kamkono. Njerwa ayi, imafumbutuka n'kuwononga kampira.

Mpopi wodontha ndimauyeza ndi kapu ya mamililita 250. Ikadzadza m'mphindi 10, ndi malita 36 pa tsiku, zigubu za malita 20 pafupifupi ziwiri. Ndimatseka madzi pa mita, kumasula mutu wa mpopi ndi sipanala, kusintha washala (kampira kotseka madzi mkati mwa mpopi), n'kubwezera nditakulunga tepi yoyera pamazinga. Chimene chimapha washala msanga ndi kukanikiza mpopi mwamphamvu potseka, ndiye aliyense pakhomo auzidwe zimenezi.

Pali kutayika kwina kumene mita ya usiku umodzi singakugwire, ndipo kumandiwawa kwambiri. Madzi akasiya, munthu amatsegula mpopi, napeza mulibe, n'kuusiya choncho. Madzi amabwera 2 koloko usiku n'kuyenderera mpaka m'mawa. Ku Blantyre ambiri mwa madziwo amachita kupopedwa ndi magetsi kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwera chitunda mpaka mu mzinda, ndiye n'zomvetsa chisoni kuti athere m'ngalande. Tsiku limene madzi asiya ndimazungulira mipopi yonse ndisanagone, kuphatikizapo wa panja pochapira.

Ndikamaliza kukonza ndimabwereza kuwerenga mita usiku womwewo. Manambala akasiyanabe, ndimayang'ana paipi yosefukira ya giza (thanki yotenthetsera madzi) padenga, ndipo ndikapanda kupeza kanthu ndimaitana pulambala, chifukwa zikatero n'kutheka kuti paipi ikudontha m'khoma.