Ma ace awiri pansi pa nimu ku Nchalo

Loweruka. Dzuwa la Okutobala kuno ku Chigwa silidziwa nthabwala. Pofika 4 koloko malata anali akuthethekabe. Tinakhala anthu asanu pansi pa nimu kuseri kwa nyumba ya alamu anga, tikusewera poker, masewera a makadi obetcherana ndalama, zitsekerero za mabotolo zili m'malo mwa ma chip oimira ndalamazo. Aliyense analowa ndi K5,000.

Atagawa kachitatu ndinalandira ma ace awiri. Mu Texas Hold'em, mtundu wa poker umene tinkasewera, palibe makadi oyambira oposa amenewa. Mnyamata wina wodula nzimbe anakankhira pakati zitsekerero zake zonse, ine n'kuvomera mtima uli m'malo. Anatembenuza ma king awiri. Makadi asanu a tonse anayamba kutembenuzidwa pakati: atatu oyamba, aja amati flop, zii. Lachinayi, lija amati turn, zii. Khadi lachisanu, lija amati river, kutanthauza mtsinje: king, ma ace anga n'kugonja kwa ma king atatu! Amene analitcha dzinali sanalakwe. Ife a m'mbali mwa Shire timadziwa kuti mtsinje sufunsa mwini dimba.

M'mutu ndimadziwa bwino kuti ma ace amagonja kwa ma king pafupifupi kamodzi pa kasanu. Koma makutu anali atatentha kale. Ndinasolola K5,000 ina, ndipo atangogawanso ndinalowa ndi 9 ndi 4, makadi oti ngakhale mwana angataye, cholinga kungomuonetsa mnyamatayo. Imeneyi ndiyo amati tilt, mawu ochokera ku makina a pinball, amene amasiya kugwira ntchito ukawagwedeza mwaukali. Ndalama yoyamba ija anandilanda ndi makadi. Yachiwiriyi ndinapereka ndekha, ndi manja awiri ngati ndikupatsa apongozi.

"Alamu, takaonani mbuzi zija," anatero alamu anga, maso ali pa makadi awo.

Mbuzi zinalibe vuto, zinkangobzikula pamthunzi. Ndinapitirira mpaka pa mjigo, n'kudzithira madzi m'mutu. M'thumba munatsala K5,000 ya ufa. Lamulo langa n'lakuti ndimalowa kawiri basi, ndipo ndinaliika ndekha mutu uli wozizira. Koma pa mjigopo ndinapeza zifukwa zambiri zoliswera, zonse zomveka bwino kwabasi. Ndinaima pomwepo mpaka amayi ena anandifunsa ngati ndatha kutunga.

Nditabwerera ndinapempha kuti ndizingogawa makadi. Apa m'pamene ndinaona kuti mnyamata uja akakhala ndi makadi abwino amasiya kulongolola, kuli phee ngati ali m'tchalitchi. Akakhala alibe kanthu, nkhani za mpira sizitha.

Ufa ndagula pobwerera. Zamnyamatayo sindinauze aliyense, ngakhale alamu.