Lachitatu: chiperoni, mbaula ndi magolovesi otsukira mbale

Dzuwa silinatuluke lero kuno ku Chilomoni. Chiperoni chinayamba usiku, ndipo pofika m'mawa phiri la Michiru linali litabisika m'nkhungu. Zovala zomwe tinayanika dzulo zikadali zonyowa pachingwe.

Mwezi wa Julaye manja anga amavutika. Sopo wotsukira mbale sasankha, amachotsa mafuta a m'mbale pamodzi ndi mafuta a pakhungu, ndiye ukawonjezera madzi ozizira a pampopi, m'mbali mwa zala mumang'ambika mpaka kutuluka magazi. N'chifukwa chake ndimavala magolovesi a mphira potsuka. Ena amati ndi zachizungu, amayi athu ankakwecha mapoto ndi mchenga ndi phulusa popanda chovala m'manja. N'zoona, koma ine manja a amayi anga ndimawakumbukira mmene ankakhalira nyengo yozizira, ndipo sindifuna mwana aliyense wa m'nyumba muno adutse momwemo.

Mwana wa alongo anga, yemwe wangomaliza mayeso a MSCE ndipo akukhala nafe, ndi amene anatsuka mbale za kadzutsa. Nditalowa m'khitchini ndinapeza magolovesi atawakoloweka pampando, pafupi ndi mbaula yomwe tinali kuphikapo nyemba.

"Azakhali, kunja kulibe dzuwa, ndiye ndati aumire pamoto," anatero.

Anaganiza bwino, chifukwa china chilichonse m'nyumba muno tikuumitsa choncho sabata ino. Koma mphira ndi moto sizigwirizana. Kutentha kumaukalambitsa msanga, umayamba kunanda zala n'kumamatirana, kapena kuuma n'kuchita ming'alu. Dzuwa nalo limachita zomwezo. Thandala ndi malo abwino a mbale ndi makapu, koma magolovesi ukawasiya pamenepo masana onse a mu Okutobala, sachedwa kutha. Ndinamukumbutsa za mitengo ya mphira ya ku Vizara, yomwe tinaidutsa popita ku Nkhata Bay, komwe anyamata amagulitsa mipira ya mphira m'mbali mwa msewu. Magolovesi ambiri achikasu aja amachokera ku utomoni woyera wa mitengo yotere. Ndi chinthu chochokera ku chomera, ndipo chimaonongeka ndi dzuwa, moto ndi mafuta ophikira.

Tinawachotsa pampando paja, ndipo nditalowetsa dzanja m'kati ndinapeza vuto lenileni. Kunja anali atauma, m'kati munali chinyontho chokhachokha. Apa ndi pomwe anthu ambiri amalephera. Kunja kumauma kokha m'kanthawi kochepa. M'kati mumakhala thukuta ndi madzi olowera kukhosi kwa golovesi, komanso muli kaubweya ka thonje komwe kamasunga chinyezi. Mpweya sufika kunsonga za zala. Ukawasiya choncho mpaka mawa, tizilombo ndi nkhungu zimaswana, fungo limayamba, ndipo khungu lomwe umafuna kuliteteza ndi lomwe limayamba kuyabwa.

Ndiye ndinamuonetsa mmene ndimachitira. Ndisanavule, ndimasamba m'manja ndi sopo magolovesi ali chivalire, kuti mafuta a ndiwo achoke, kenako n'kutsukuluza. Povula ndimagwira kukhosi n'kukoka ngati ndikusenda nthochi, kuti atuluke atatembenuka. Zala zina zimakakamira m'kati. Pamenepo osakoka ndi zikhadabo, ndi mmene mabowo amayambira. Ndimangopinda khosi kuti mpweya utsekeredwe n'kufinya pang'ono, zala zonse zimatuluka zokha. Chala chikakanika, ndimachikankha pang'onopang'ono ndi chogwirira cha mthiko. Kenako ndimatsuka m'kati mwakemo ndi madzi ofunda, n'kuwapachika ndi mapegi pachingwe cha pakhonde, zala m'mwamba, khosi pansi, kuti madzi azidontha. Pamthunzi, podutsa mphepo. Lero chifukwa cha mvula yowaza tinawaveka pa mabotolo awiri opanda kanthu pakona ya khitchini, kutali ndi mbaula, ndipo tinayamba tawapukuta ndi kansalu kouma.

Masana ndinapita kumsika kukagula tomato ndi makala. Matope okhaokha. Ndinabwerako msanga.

Pofika 4 koloko m'kati munali mutauma. Tinawatembenuzanso, n'kuwazamo soda pang'ono, yemweyu timathira mu therere, chifukwa amachepetsa fungo. Posunga sindiwaika mu jumbo, ndipo sindiwapinda n'kuwaponya pansi pa sinki pomwe pamakhala ponyowa. Ali ndi msomali wawo kuseri kwa chitseko, komwe dzuwa la pawindo silifika.

Mtsikanayu anafunsa chifukwa chomwe ena, obiriwira, amakhala kubafa okhaokha. Nkhani imeneyi sindiseka nayo. Kuyambira mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, magolovesi otsukira chimbudzi salowa m'khitchini mwanga ngakhale atatsukidwa bwanji. Mitundu ndinasiyanitsa dala kuti ngakhale mlendo asasokoneze. Obiriwirawo amatha msanga chifukwa Jik amadya mphira, choncho ndikamaliza ntchito ndimawatsukuluza ndi madzi ambiri ndisanawapachike.

Madzulo amayi oyandikana nawo nyumba anabwera kudzapempha moto, ndipo nkhani ya magolovesi inapitirira. Iwo anasiya kuvala chifukwa akangovala manja amafiira n'kutuluka tiziphuphu. Mwina ndi chinyontho cha m'kati chija, koma aliponso anthu omwe thupi lawo silimvana ndi mphira wachilengedwe. Ndinawauza kuti akafunse kuchipatala, komanso kuti alipo magolovesi a nitrile omwe alibe utomoni wa mtengo ndipo amapirira mafuta kuposa achikasuwa. Anati akayang'ana ku Limbe Loweruka.

Tisanagone tinayesa magolovesi akale omwe ndinkawakayikira. Tinathira madzi m'kati n'kufinya, ndipo la kumanja linatulutsa kamtsinje kakang'ono pa chala chamkombaphala, pomwe mpeni umakonda kugunda. Sitinalitaye. Tinalidula mopingasa kukhala timalamba tomangira mapaketi a shuga ndi mchere. La kumanzere ndi lolimbabe, ndipo ukalitembenuza limakwana dzanja lamanja.

"Azakhali, ndiye mawa ndilivale chotembenuza?"

Ndinamuuza kuti alivale pokwecha mapoto okha, chifukwa mbali ya m'kati imaterera ndipo makapu agalasi angamupulumuke.