Maluwa a mvula atuluka

Lero ndadzuka m'mamawa kuti ndisese pakhomo dzuwa lisanakwere, poti kuno ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mwezi wa Novembala ikangokwana 9 koloko munthu sungaime panja, kutentha kumapyola madigiri 40. Ndikuponya maso m'mphepete mwa mpanda, eee, maluwa a mvula aja atumphuka onse nthawi imodzi, apinki mzere wonse, oyera ochepa cha kumpopi. Chizimalupsa chagwa kumayambiriro kwa sabata ino, dzulo panali timasamba tokhatokha, lero ndi zimenezi.

M'mabuku amati Zephyranthes, kwawo ndi ku America, oyerawa cha ku Argentina ndi Uruguay, apinki cha ku Mexico, koma dzuwa la Tete alizolowera ndithu.

Amayi a nyumba yoyandikana anabwera kudzapempha mchere n'kuima pomwepo osasuntha. Ati, "Achemwali, anga ndimathirira m'mawa ndi madzulo koma masamba okhaokha, inu mumawapatsa chani?" Ndinawauza kuti amayi, vuto ndi chikondi chanucho. Maluwa amenewa amafuna nthaka iume kaye nthawi ya chilimwe, akhale ndi ludzu, kenako mvula ikawanyowetsa bwinobwino pakangopita masiku ochepa basi atulutsa, ndiye inu mukamawamwetsa daily adziwa bwanji kuti dzinja lafika? Anaseka, koma ndikuona ngati sanakhulupirire.

Madzulo kutazizirako ndinawakumbira timababu, timbewu take ta pansi pa nthaka, pa chitsa chimene chathithikana kwambiri, ngakhale maluwawa kuthithikana pang'ono amakukonda. Tinakabzala limodzi kwawo, osakwirira mwakuya, kakhosi kazikhala pafupi ndi pamwamba, motalikana zala zitatu kapena zinayi, dothi losakaniza mchenga ndi manyowa owola kuti madzi asamadikhe, apo ayi amavunda. Chomwe ndinawatsindikira ndi chakuti timababuti timafanana ndi anyezi wamng'ono koma tili ndi poizoni, tisayandikire kukhitchini ndipo adzukulu awo asatiseweretse.

Pobwerera ndapeza mbozi ziwiri zakuda zamadontho achikasu pa masamba, zija zimaboola tsamba n'kutsika mpaka kukadya babu mkati. Ndazitola n'kuziphwanya, mankhwala sindigula ine pa zinthu zoti dzanja litha. Duwa lililonse limakhala masiku awiri kapena atatu basi, ndiye mawa ndisanakwere chapa, minibasi ya ku Tete, ndijambula mafoto nditumizire mlamu ku Ulongwe, amalimbikira kuti kuno kotentha sikungamere duwa.