Njira za njinga za ku Dedza zili ndi eni ake

Ntchito yanga ndi yoyendetsa alendo pa njinga zakapalasa m'midzi ya kuno ku Dedza. Onse ondilembera pa WhatsApp pempho lawo ndi limodzi: akufuna njira zopanda magalimoto, kwa zii, komwe angatchove tsiku lonse osamva hutala. Njira zotero zilipo zambirimbiri. Chondivuta kuwafotokozera n'chakuti kanjira kalikonse kamene akukaona pa mapu a mufoni kali ndi eni ake. Kamadzera kuseri kwa nkhokwe ya munthu, m'mbali mwa dimba, pafupi ndi manda, ndipo ife timadutsa chifukwa eniakewo atilola.

Sabata yathayi ndinali ndi kagulu kosakanikirana, banja lina lochokera ku Netherlands ndi anyamata ogwira ntchito ku Lilongwe omwe anali patchuthi. Lolemba sitinapalase. Tsikuli limathera pa kukunga masipoko, kuthira mafuta m'matcheni, kuyesa mabuleki ndi kukweza kapena kutsitsa zishalo malinga ndi msinkhu wa munthu. Dzuwa litapendeka ndinakwera njinga yamoto kukagwada kwa mafumu a midzi yomwe tidzadutse, komanso kukauza amayi otiphikira kuchuluka kwa pakamwa. Ndalama ya chakudya ndimaipereka m'manja mwa amayiwo, osadzera kwa wina.

Lachiwiri kunacha ndi chiperoni. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri lake limapitirira mamita 2,000, choncho mu Ogasiti m'mawa zala zimauma pa handulo. Anyamata a ku Lilongwe anabwera ndi makabudula okhaokha, ndinawabwereka majuzi. Tinasiya M1 msanga n'kulowa msewu wafumbi wopita kunkhalango ya Chongoni, m'kati mwa mitengo ya paini, kudzera cha kusukulu ya zankhalango mpaka ku Chentcherere.

Apa ndimachedwa dala. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zithunzi zojambulidwa pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zithunzi zofiira, zamizeremizere ndi zozungulira, ndi za Akafula amene ankakhala kuno Achewa asanafike. Zoyera anajambula ndi makolo athu Achewa ndi dothi loyera, zina zokhudza chinamwali cha atsikana, zina, monga za ku Namzeze, zokhudza Nyau. Pamwala wa ku Chentcherere pali zinthu zotambasula miyendo zooneka ngati abuluzi. Mayi wa ku Netherlands uja anazipenyetsetsa, kenaka anafunsa chimene atsikana ankaphunzitsidwa pamenepo. Ndinamuuza zimene aliyense amadziwa, kuti anali malangizo a kukula ndi a banja, ndipo ndinalekera pomwepo. Zotsalazo ndi za anamkungwi. Ine ndine mwamuna woyendetsa njinga, sindingagulitse zinthu zimene si zanga.

Chimandiwawa n'chakuti pambali pa zithunzizo, pena pamwamba pake penipeni, pali mayina a anthu olembedwa ndi makala ndi choko. Ukayesa kupukuta ukhoza kuchotsa ndi chithunzi chomwe. N'chifukwa chake sindilola mlendo kukhudza mwala kapena kuuwaza madzi kuti chithunzi chioneke bwino pa kamera, ndipo nthawi zonse ndimatenga wotilondolera wa m'mudzi wapafupi n'kumulipira pamaso pa anzake, kuti achinyamata aone kuti miyalayi ingawadyetse.

Lachitatu tinaoloka M1 kulowera cha ku Mphunzi. Minda inali yokololedwa kale, mapesi ali mbwee, mphepo ikutikankha kumaso. Tikutsika kachitunda kena ndinaona masamba aawisi atayalidwa mopingasa pamsewu. Ndinakweza dzanja, tonse tinatsika. Ndinali nditawauza kale zochita: kuvula zisoti, kubisa mafoni, kukankha njinga mwakachetechete. Azimayi anali pakhonde ndi kuseri kwa nyumba akuimba nyimbo za maliro, azibambo atakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndinagoneka njinga yanga, ndinapita n'kukanjuta pafupi ndi akuluakulu.

"Pepani ndi zovutazi, agogo. Ndife apaulendo."

"Zikomo, mwana wanga. Alendowa ndi ako?"

"Eya, agogo."

Ndinapereka kachipepeso komwe tinasonkha, mnyamata wina analemba m'kope. Nditati ndidzuke, agogowo anandigwira pamkono n'kunena chapansipansi: "Pamtsinjepo lero musakhotere kumanzere. Kuli eni ake."

Mawu amenewo safuna funso. Malemuyo anali wolowa Gule Wamkulu, ndiye kuti zilombo zinali pafupi kutuluka. Tinazungulira njira yaitali, yamchenga, yokwera. Mmodzi mwa anyamata a ku Lilongwe anandionetsa foni, akuti mapu akusonyeza kuti kumanzereko n'kwachidule, ndipo mwina tikadaonako Gule mwaulere. Ndinati, "Achimwene, Gule mumuona Lachisanu, poyera, atakulolani. Kudambwe sitipita ndi njinga." Gule Wamkulu dziko lonse likumudziwa, UNESCO inamulemekeza mu 2005, koma zimenezo sizinatsegule dambwe kwa aliyense wodutsa. Ndikanati ndidutsitse alendo kumeneko tsiku limodzi lokha, njira yonse ya ku Mphunzi ikanatsekeka kwa ine ndi kwa anzanga onse a ntchitoyi.

Lachinayi tinalowera ku Bembeke, kwawo kwa mbatatesi. Kumeneku njinga ndi galimoto ya mlimi. Mumakumana ndi bambo atamanga matumba pakeliyala mpaka tayala kuphwatalala, akukankha pachitunda thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira. Lamulo langa n'lakuti wopalasa mosangalala apatukire wonyamula katundu, ndipo apereke moni. Ana akatithamangira sindilola kuwaponyera maswiti kapena ndalama. Mawa lake amayamba kujomba kusukulu n'kumadikira njinga pamsewu.

Tikuyandikira kamsika kena, tayala la kumbuyo la bambo wa ku Netherlands linaphwa, ndipo masipoko awiri anali atathyoka. Chubu ndikanatha kusintha ndekha, koma limu yopindika imafuna mmisiri. Pansi pa mtengo wa bulugamu panali wokonza njinga, zida zake zili m'kathumba ka feteleza. Anapopa chubu, anachiviika m'beseni la madzi akuda, anachizungulitsa pang'onopang'ono mpaka thovu linatuluka, analasa kamtengo pabowopo kuti pasasowe. Anapala ndi kachidutswa ka sandipepa, anapaka solushoni, anadikira kuti aume kaye asanamate chigamba chodula ku chubu chakale. Masipoko ake anali aatali kwa tayala limeneli, ndiye anawadula n'kupinda nsonga ndi pulayala kuti akole. Kenaka anatembenuza njinga chagada, anaika chala chachikulu pafupi ndi limu, akuzungulitsa tayala, apa kukunga, apa kumasula, mpaka linaongoka. Mwini njinga anangoti kukamwa yasa. Anafuna kupereka ndalama yochuluka, mmisiriyo anatchula mtengo wake wa masiku onse, ndipo ine ndinawagwirizanitsa kuti yapamwambayo ikhale yothokoza. Anthu ngati amenewa ndiwo amandichititsa kukonda njinga za mabuleki a waya. Za mabuleki a mafuta zikatayikira kumudzi, palibe angazikonze, ulendo umathera pomwepo.

Lachisanu ndilo tsiku limene alendo amalilakalaka, ine ndimaliopa. Kuchokera pa Masasa msewu wa Khwekhwelere umatsika mokhotakhota mpaka ku Golomoti, kusiya kuzizira kwa kumapiri n'kukafika kuchigwa cha kunyanja kwa milambe. Ndi wa tala, koma makona ake ndi akuthwa ndipo malole amabwera mosayembekezeka. Ndimakhala patsogolo, palibe wondipitirira. Ndimawauza kuti asafinye mabuleki osalekeza, azigwira n'kusiya, chifukwa limu ikatentha kwambiri chubu chimatha kuphulika. Tinaima kangapo kuti malimu azizire, kwinaku tikuona nyanja patali. Pofika pansi majuzi onse anali m'zikwama.

Kuchokera pa Golomoti tinatsata M5 kulowera cha ku Salima mpaka ku Mua, mishoni yomwe ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902. Malo a zachikhalidwe a Kungoni anayambitsidwa ndi bambo Claude Boucher mu 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare muli zigoba za Gule mazanamazana, pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Mnyamata wa foni uja ndiye anatsalira m'menemo, akufunsa wotifotokozera za zilombo zimene ankazithawa ali mwana kwa agogo ake.

Loweruka tinakweza njinga pagalimoto kubwerera ku boma, Lamulungu nditachoka kutchalitchi ndinazitsuka. Sabata ino ndikufufuza njira yatsopano yolowera ku Lizulu yosadzera pa M1, chifukwa malole achuluka, komanso m'chigawo chimenecho msewuwo ndiwo malire: mlendo akangooloka kukagula kabichi tsidya linalo, ali kale ku Mozambique wopanda chidindo. Alimi andiuza za kanjira ka kum'mawa kodzera m'madimba. Kamadutsa midzi ya mafumu amene sanandionepo nkhope, ndiye Lachiwiri ndiyambira kumeneko.