Diso likachita mdima, miyendo n'kukana: zoyenera kuchitika sabata yoyamba

Sitiroko imagwetsa munthu m'mphindi zochepa. Matenda otupitsa mitsempha ya diso ndi ya msana amene ndikunena pano amabwera mozemba, m'masiku atatu kapena asanu. Lolemba diso limodzi likupweteka polizungulitsa, Lachitatu chitenje chofiira chikuoneka chosuluka, pofika Lachisanu nkhope za anthu zangoti mbuu. Kwa wina dzanzi limayambira ku zala za kumapazi, n'kukwera mpaka pamchombo, iye n'kumamva ngati amumanga lamba wothina pamimba, kenako mkodzo n'kuyamba kukana. Ambiri amakhala a zaka za pakati pa 20 ndi 40, ndipo amayi ndiwo amachuluka.

Mitsempha yonyamula uthenga mu ubongo, kuseri kwa diso ndi m'kati mwa fupa la msana ili ndi chikuto chake, dzina lake myelin, monga pulasitiki wokuta waya wa magetsi. Chitetezo cha m'thupi chikasokonekera chimatembenukira chikuto chimenechi, uthenga n'kumachedwa kapena osafika n'komwe. Matenda odziwika kwambiri a mtundu umenewu ndi multiple sclerosis, mwachidule MS. Mu 2020 anthu okhala nawo padziko lonse anali pafupifupi 2.8 miliyoni, ochuluka ku Ulaya ndi ku North America. Kuno ku Africa ndi osowa, ndipo ichi ndi chifukwa chokhalira osamala ndi dzinali. Munthu wakuda amene diso kapena msana wake watupa mwa njira imeneyi, dokotala ayenera kuganiziranso matenda ena ofanana nawo otchedwa neuromyelitis optica, kapena NMO. Kusiyana kwake si kwa dzina chabe. Mankhwala ena a MS, monga interferon beta, fingolimod ndi natalizumab, amawonjezera NMO. M'bale wa ku Joni kapena ku UK asatumize mankhwala chifukwa choti wamva kuti kwanu kuli wodwala "ngati MS".

NMO imabwera ndi ukali. Imatha kugwira maso onse awiri, kapena kufoola miyendo yonse iwiri kotheratu, ndipo kwa ena imayamba ndi kusanza kosaleka kwa masiku ambiri, anthu n'kumayesa zilonda za m'mimba kapena pakati. MS imakonda kugwira pang'ono, kusiya, n'kudzabwera pamalo ena patapita miyezi kapena zaka. Pa chithunzi cha MRI, chilonda cha NMO mu msana chimatalika kufanana ndi mafupa atatu a msana kapena kuposa, pamene cha MS chimakhala chachifupi. M'magazi, NMO imatsimikizika poyeza asilikali a m'thupi olimbana ndi puloteni yotchedwa aquaporin-4, njira imene inapezeka mu 2004 ndi 2005. Ngati magaziwo ati atumizidwe kukayezedwa, atengedwe mankhwala amphamvu asanayambe, popeza mankhwalawo amatha kubisa zotsatira.

Koma tisanafike pa mayina achizunguwa pali mndandanda wa kwathu kuno, ndipo dokotala wabwino amayambira pamenepo. Kachilombo ka HIV kamawononga msana. TB imadya fupa la msana, fupalo n'kupanikiza mtsempha, ndipo imeneyo ndi nkhani ya mankhwala a TB komanso mwina opaleshoni. Chindoko, khansa yofalikira ku msana ndi kuchepa kwa vitamini B12 zonse zimafoola miyendo. China chimene chimaiwalika ndi likodzo. Mazira ake amatha kukakhala kumunsi kwa mtsempha wa msana, miyendo ndi chikhodzodzo n'kufooka m'masiku ochepa, ngakhale munthuyo asanakodzepo magazi. Ngati wodwala amasamba kunyanja ku Nkhata Bay, ku Usisya kapena ku Chilumba, nenani musanafunsidwe. Mankhwala ake ndi praziquantel pamodzi ndi ochepetsa kutupa, ndipo akayamba msanga ambiri amadzuka.

Choncho mukafika ku Mzuzu Central ndi kalata ya ku chipatala chaching'ono kapena cha boma la kwanu, yembekezani kuyezedwa HIV, chindoko, shuga, BP, mkodzo, kuchuluka kwa magazi, komanso kujambulidwa pachifuwa ndi pamsana. Adzapemphanso kutenga madzi a pamsana. Pano mabanja ambiri amakana, poti anamva kuti uje anafa atamutenga madziwo. Singano yake imalowa m'munsi, kupitirira pamene mtsempha wa msana umathera, ndipo amatengapo timadzi tochepa timene thupi limabwezeretsa tsiku lomwelo. Ambiri amene amamwalira pambuyo pake amakhala kuti anafika matenda oumitsa khosi atakula kale. Madzi amenewa ndiwo amaonetsa ngati muli TB, cryptococcus (kachilombo koumitsa khosi) kapena chindoko, ndipo kukana kumasiya dokotala akungopenekera.

Gadiyani ali ndi ntchito imodzi imene makina sangagwire. Lembani m'kope tsiku limene chizindikiro chilichonse chinayamba, mbali yake, ndi ngati kale diso linachitapo mdima n'kubwerera lokha. Mbiri yakaleyo ndi yamtengo wapatali, chifukwa MS imadziwika ndi kugwira malo osiyana pa nthawi zosiyana. Mabuku akale a kuchipatala, ngakhale ong'ambika, tengani onse. MRI ikafunika, funsani komwe makina akugwira ntchito sabata imeneyo musanalipire basi, popeza ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndi wodwala wosayenda si wobwereza kawiri. Pemphani kuti ajambule ubongo ndi msana womwe, ndipo mutenge CD ya zithunzizo, osati lipoti lokha.

Matenda oyambitsidwa ndi tizilombo akapanda kupezeka, mankhwala a nthawi yogwidwayo ndi methylprednisolone, wa gulu la steroid ochepetsa kutupa, galamu imodzi patsiku kudzera m'diripi yoyenda ola limodzi kapena kuposa, kwa masiku 3 mpaka 5. Diripi yake isathamangitsidwe, imasokoneza kagundidwe ka mtima. Wodwala amamva kukoma kwa chitsulo m'kamwa, tulo timasowa, ena amakhala aukali, ndipo shuga amakwera, choncho ayezedwe tsiku ndi tsiku. Pa NMO masiku ndi ofunika kwambiri. Diso lothandizidwa sabata yoyamba lili ndi mwayi woposa lothandizidwa patatha mwezi, ndipo mwezi umenewo nthawi zambiri umathera pa mphini, pa mapemphero a kuphiri ndi pa mankhwala odontheza m'maso. Kupemphera sindikuletsa. Pempherani muli pa bedi la chipatala diripi ikuyenda. Steroid akalephera, chotsatira ndi kusefa magazi kotchedwa plasma exchange, maulendo 5 mpaka 7 modumphitsa tsiku, ndipo kumafuna chipatala chokhala ndi makina ake.

Pamene ambiri amagwera ndi atatuluka m'chipatala. Wa NMO amapitiriza prednisolone wakumwa, poyamba 1 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Munthu wa makilogalamu 60 ndiye kuti mapilitsi 12 a 5 mg, onse m'mawa atadya. Nkhope ikayamba kutupa, ziphuphu n'kutuluka, ena amangosiya. Kusiya mwadzidzidzi kumabweza matendawo, komanso kumatha kugwetsa BP mpaka kukomoka, chifukwa thupi linali litaleka kupanga steroid wakewake. Amatsitsa pang'onopang'ono kwa miyezi, ndi dokotala. Chifukwa chopitirizira nthawi yonseyi n'chakuti azathioprine, mankhwala oteteza kuti zisabwerenso, amatenga miyezi 3 mpaka 6 asanagwire. Mlingo wake ndi 2 mpaka 3 mg pa kilogalamu patsiku, kapena mapilitsi atatu a 50 mg kwa munthu yemwe uja, koma amayamba ndi ochepa n'kumakweza. Magazi ndi chiwindi ziyezedwe pafupipafupi miyezi yoyamba. Zilonda za m'kamwa, kutentha thupi kapena maso achikasu ndi zobwerera nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo azathioprine asakumane ndi allopurinol, mankhwala a gout (matenda otupitsa mfundo), popanda dokotala kudziwa: awiriwa pamodzi amatsitsa magazi moopsa. Amene akumwa mankhwala a TB adziwenso kuti rifampicin amafooketsa prednisolone, mlingo umafuna kuwunikidwanso.

Rituximab ndi wamphamvu kuposa azathioprine ndipo amathandiza pa NMO ndi pa MS pomwe. Kawirikawiri amapereka galamu imodzi m'diripi, ina patatha masabata awiri, kenako miyezi 6 iliyonse. Asanayambe ayeze hepatitis B, chifukwa kachilombo kogona m'chiwindi kamadzuka. Mu 2023 bungwe la WHO linaika rituximab, cladribine ndi glatiramer acetate pa mndandanda wa mankhwala ofunikira a MS. Mayi amene akufuna mwana anene msanga, popeza mycophenolate, amene ena amapatsidwa m'malo mwa azathioprine, amawononga mwana m'mimba.

Si kufooka kulikonse kobwerera komwe kuli kugwidwanso. Mtsempha wosupuka sugwirizana ndi kutentha. Wodwala wozolowera kamphepo ka Mzuzu akatsikira ku Karonga mu October, kapena akasamba madzi otentha kwambiri, diso lakale lija limachitanso chifunga, koma akazizidwa limabwerera. Malungo ndi matenda a m'chikhodzodzo amachita chimodzimodzi. Kugwidwa kwenikweni kumapitirira maola 24 thupi lisakutentha. Choncho yambani ndi kuyezetsa malungo ndi mkodzo, osathamangira ku famase kukagula prednisolone.

Kufooka kokwera kuchokera kumapazi pambuyo pa kutsekula m'mimba kapena chimfine kungakhale matenda ena a mitsempha otchedwa Guillain-Barré. Kumeneko steroid sathandiza, ndipo choyang'anira ndi kupuma. Wodwala akalephera kuwerenga mpaka 20 ndi mpweya umodzi, kapena akamatsamwa ndi madzi, itanani namwino nthawi yomweyo.

Kunyumba zimene zimapha wofooka miyendo ndi mkodzo ndi zilonda. Chikhodzodzo chosatulutsa wonse chimasunga tizilombo mpaka impso kuwonongeka. Kachubu ka mkodzo kolowetsa n'kutulutsa, kanayi kapena kasanu patsiku ndi manja osamba ndi sopo, n'kabwino kuposa kokhalitsa mwezi wathunthu, ndipo anamwino amaphunzitsa. Musamumane madzi pofuna kuchepetsa kuchapa. Wogona atembenuzidwe maola awiri aliwonse, usiku womwe, ndipo poyang'ana ndi pa fupa la pamwamba pa matako, m'mbali mwa chiuno ndi zidendene. Pa khungu lakuda chilonda sichiyamba ndi kufiira. Pamalopo pamada kuposa pozungulira, pamatentha, pamalimba mukagwira. Mafizo ayambe akadali m'wodi, mfundo iliyonse ipindidwe ndi kuwongoledwa kawiri patsiku. Miyendo ikamakungika, baclofen amayamba ndi 5 mg, n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo nayenso sasiyidwa mwadzidzidzi. Carbamazepine amaletsa kukokana kowawa kwa NMO, koma amafooketsa dolutegravir wa mu ma ARV ndiponso kulera kwa pamkono, choncho amene akumwa ma ARV kapena ali ndi kulera kumeneko anene dokotala asanalembe.