Sabata yachitatu ndi gzip, ndapeza pomwe zimalakwika

Paja ndinanena kuti ndikufuna kuona ngati pulogalamu yopanikiza mafayilo, monga zip kapena gzip, ingathe kusiyanitsa zilankhulo osaiphunzitsa kanthu. Weekend yonseyi ndakhalira zomwezo pa laputopu.

Kwa amene mwangofika kumene, nkhani yake ndi iyi. Mu 1965 Kolmogorov ananena kuti kuvuta kwa uthenga tiziyeza ndi kutalika kwa pulogalamu yaifupi kwambiri yomwe ingautulutse. Koma nambala imeneyo palibe kompyuta ingaiwerengere ndendende, masamu anatsimikiza kale zimenezo, ndiye timangobwereka zip kuti itiyerekezere, fayilo ikachepa kwambiri poipanikiza ndiye kuti mkatimo muli zobwerezabwereza. Cilibrasi ndi Vitányi mu 2005 anaonetsa mmene NCD, fomula yoyezera kusiyana kwa mafayilo awiri powapanikiza, ingasanjire zinthu m'magulu, upanikize fayilo yoyamba payokha, yachiwiri payokha, kenako uzilumikize upanikizenso. Pa saizi ya zolumikizazo uchotse yaing'ono mwa ziwiri zija, ugawe ndi yaikuluyo. Zofanana zimayandikira 0, zosiyana zimathawira ku 1.

Ndinatolera nkhani za Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi Chingerezi, nkulemba kakodi kakafupi mu Python. Zotsatira zake eee, chilichonse chimangoti pafupi ndi 1, Chichewa ndi Chitumbuka kutalikirana ngati Chichewa ndi Chingerezi, zosatheka. Masiku awiri ndimaganiza kuti ndalakwitsa fomula. Ndiye Loweruka usiku ndinati dikirani, ndiyese fayilo imodzi ndi iyo yomwe, apa pakuyenera kutuluka nambala yoyandikira 0 basi. Inatulukanso pafupi ndi 1.

Kani gzip imangokumbukira 32 KB zam'mbuyo. Imagwira ntchito ndi njira ya Lempel ndi Ziv ya 1977, ikaona mawu oti yawaona kale imangolozera kumbuyo mmalo mowalembanso, koma mafayilo anga anali aakulu kuposa pamenepo ndiye ikamafika pa fayilo yachiwiri inali itaiwala kale poyambira pa yoyamba, ingafananize bwanji. Ndinawaduladula tizidutswa ta 10 KB, kwinaku ndikuyesanso lzma, njira ina yopanikizira yomwe imakumbukira patali. Mtima unakhala pansi nditaona Chichewa ndi Chitumbuka zayandikana, Chingerezi chili chokha uko.

Komabe sindinakhutire. Nkhani zina ndinatenga za mpira zina za tchalitchi, ndipo ndaona tizidutswa ta mpira tikukokana ngakhale zilankhulo zili zosiyana chifukwa cha mayina a matimu ndi mawu ngati ligi, penate. Apa zip ikuyeza mutu wa nkhani pamodzi ndi chilankhulo, ine ndikufuna chilankhulo chokha. Benedetto, Caglioti ndi Loreto mu 2002 anazemba vutoli pogwiritsa ntchito chikalata chimodzi, cha United Nations cha ufulu wachibadwidwe, chomasuliridwa m'zilankhulo zambiri. Sabata ino ndikopera nzeru imeneyo, ndipo nkhani za mpirazi ndizichotsa kaye mayina onse ndione ngati zikokanabe.